Foni ya pa intaneti ndi yabwino, koma isakhale yokhayo pakhomo panu

Nthawi ndi 2 koloko usiku. Mwana wanu, yemwe wakhala akutentha thupi kuyambira madzulo, wayamba kukomoka. Magetsi anazima cha m'ma 9 koloko ndipo sanayakebe. Mwatenga foni ya pakhomo, ija mumacheza nayo ndi achibale pa WhatsApp tsiku ndi tsiku, kuti muimbire mnansi amene ali ndi galimoto. Foniyo ikuyaka bwinobwino koma sikulumikiza, chifukwa kabokosi ka intaneti kali ziii pa shelefu, kanazima pamodzi ndi magetsi. Mukuti muimbe mwa masiku onse, mukupeza kuti mulibe mayunitsi, poti chilowereni intaneti m'nyumbamo palibe amene anaganizaponso zowagula.

Zoterezi zingachitike pakhomo lililonse limene laika chikhulupiriro chonse pa foni yodalira intaneti, ndipo makomo otere akuchuluka. Ena m'tauni ali ndi kabokosi kotchedwa router ndipo amasiya foni imodzi pakhomo kuti ana ndi wantchito azipezeka. Ena kumudzi analandira foni yamakono kuchokera kwa mwana wawo wa ku Joni ndipo amangogula bandulo ya WhatsApp basi. Abale athu okhala ku Britain nawo akuchotseredwa lamya za mawaya n'kupatsidwa zoyendera intaneti.

Maganizo anga ndi akuti foni ya pa intaneti muilandire ndi manja awiri, pakuti ndi yotchipa ndipo yagwirizanitsa mabanja amene anamwazikana. Koma pakhomo pamene pali mwana wamng'ono, mayi woyembekezera, nkhalamba kapena wodwala matenda a mgonagona, foni imeneyi isakhale njira yokhayo yoitanira thandizo.

Kusiyana kwa mafoni awiriwa

Akuluakulu akukumbukira lamya ya mawaya, ija tinkaipeza m'maofesi, m'zipatala ndi m'nyumba zina za m'tauni. Lamya imeneyi inkalumikizidwa ndi mawaya awiri a mkuwa ochokera ku nyumba ya makina a kampani ya lamya. Mawaya omwewo ankanyamula mawu komanso mphamvu ya magetsi, pafupifupi mavoti 48, kuchokera ku mabatire akuluakulu a kampaniyo. N'chifukwa chake magetsi akazima m'nyumba, lamya inkalirabe. Sinkafuna kutchaja, ndipo nambala yake inali yomangika ku nyumba imodzi yodziwika.

Foni ya pa intaneti, imene akatswiri amaitcha VoIP, imayenda mwa mtundu wina. Mukamalankhula, makina amaduladula mawu anu kukhala tizidutswa, kawirikawiri pafupifupi 50 pa sekondi iliyonse, n'kutitumiza pa intaneti. Tizidutswato timayenda mumsewu umodzi ndi mavidiyo, zithunzi ndi mauthenga a anthu ena, ndipo tikafika kwa womvera timalumikizidwanso kukhala mawu. Msewuwo ukadzaza, tina timachedwa, tina timatayika. Apo ndi pamene mumamva mawu odukaduka, kapena inu ndi mnzanuyo mumayamba kulankhula nthawi imodzi. Bungwe la International Telecommunication Union limalangiza kuti mawu asachedwe panjira kupitirira mamilisekondi 150, nthawi yosakwana n'komwe theka la theka la sekondi, kuti anthu azimvana bwino.

Mafoni a pa intaneti alipo a mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi umene kampani imakupatsani nambala yeniyeni, ndipo lamya ya patebulo mumailumikiza ku router m'malo mwa pakhoma. Ndi imeneyi mutha kuimbira nambala wamba. Mtundu wachiwiri ndi mapulogalamu monga WhatsApp ndi Messenger, amene amangokulumikizani ndi munthu yemwe ali ndi pulogalamu yomweyo ndipo intaneti yake ndi yotsegula pa nthawiyo. Kuno kwathu wofala ndi wachiwiriwu. Yonse iwiri ili ndi chofooka chimodzi: payokha ilibe mphamvu. Magetsi kapena intaneti zikachoka, nayo yapita.

Ubwino wake ndi wosakanika

Tisaiwale kumene tachokera. Kale kuimbira m'bale wa kunja kunali kowerengera mphindi, munthu n'kudula foni nkhani isanathe poopa ndalama. Chiyambireni WhatsApp kulola anthu kuimbirana mu 2015, agogo a ku Ntcheu amatha kucheza ndi adzukulu a ku Cape Town mpaka nkhani kutha. Kuimba kwa mawu okha nthawi zambiri sikudya ngakhale 1 MB pa mphindi.

Pa zaumoyo phindu lake likuoneka. Mlangizi wa zaumoyo atha kutumiza chithunzi cha bala kwa dokotala wa kuboma n'kulandira malangizo. Mavolontiya a m'mudzi amakumbutsana pa gulu la WhatsApp za tsiku la sikelo kapena la katemera. Mayi amene ali kuchipatala kudikirira wodwala amatha kuona ana ake pa vidiyo asanagone.

Tivomerezenso kuti lamya ya mawaya sinali ya aliyense. Mabanja ambiri m'Malawi sanakhalepo nayo, ndipo kumene inalipo, akuba mawaya a mkuwa ankaisokoneza kawirikawiri. Choncho sindikunena kuti tibwerere kumbuyo. Ndikunena kuti tidziwe chimene lamya yakale inkachita mwakachetechete, chomwe yatsopanoyi sichita, kuti tipeze chotsekera mpatawo.

Zimene anzathu a ku Britain aona

Dziko la Britain ndi chitsanzo chabwino chifukwa kumeneko nyumba zambiri zinali ndi lamya ya mawaya, ndipo makampani anaganiza zotseka makina akalewo n'kusamutsira aliyense pa intaneti. Kampani ya BT inakonza zomaliza ntchitoyi pofika Disembala 2025.

Mu Novembala 2021, namondwe wotchedwa Arwen anagwetsa mapolo a magetsi ku Scotland ndi kumpoto kwa England, ndipo nyumba zina zinakhala mumdima kupitirira sabata. Mabanja amene anali atasamutsidwa kale anapeza kuti lamya zawo zafa, ndipo m'madera ena mafoni a m'manja nawo sankagwira chifukwa nsanja za netiweki zinali zopanda magetsi. Madandaulo atachuluka, BT inayamba yaimitsa ntchitoyi mu Malichi 2022.

Kenaka panatulukanso vuto lina. Okalamba ambiri kumeneko amavala kachipangizo pakhosi kapena pamkono, koti akagwa kapena akadwala mwadzidzidzi amangodina batani ndipo uthenga umapita kwa opereka thandizo kudzera pa lamya ya m'nyumba. Zina mwa zipangizozi sizinkagwira bwino ntchito pa lamya za intaneti. Mu Disembala 2023 makampani akuluakulu analonjeza boma kuti sasamutsanso anthu otere asanatsimikize kuti zipangizo zawo zikugwira, ndipo mu 2024 BT inasuntha tsiku lomaliza kufika Januwale 2027.

Bungwe la Ofcom, lomwe limayang'anira makampani a lamya kumeneko, limafuna kuti makampani akhale ndi njira yoti munthu wodalira lamya ya m'nyumba athe kuimba 999 kwa ola limodzi kapena kuposerapo magetsi akazima. Taonani bwino pamenepa: ola limodzi, m'dziko limene magetsi sazimazima. Nanga kwathu kuno, kumene magetsi amatha kuchoka m'mawa n'kubwera usiku, ola limodzi lingatifikitse pati? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Unyolo wa mfundo 4

Kuti foni ya pa intaneti ikufikitseni kwa munthu amene mukumufuna, zinthu 4 ziyenera kukhala bwino nthawi imodzi. Chimodzi chokha chikaduka, unyolo wonse waduka.

Choyamba ndi magetsi. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse m'Malawi zinkawunikira ndi magetsi. Ngakhale amene ali nawo akudziwa zimene zinachitika mu Januwale 2022, pamene namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Router yopanda batire imazima nthawi yomweyo magetsi akachoka. Mbale ya Starlink, imene inayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 2023, nayo imafuna magetsi. Foni yamakono, ngakhale ili ndi batire, nthawi zambiri simaliza masiku awiri osatchaja.

Chachiwiri ndi bandulo. Bandulo imatha ndi nthawi komanso ndi kagwiritsidwe. Mwana akaonera mavidiyo masana, usiku mupeza mulibe kanthu. Ya tsiku limodzi imatha ngakhale simunaigwiritse ntchito.

Chachitatu ndi mphamvu ya netiweki. Kuimba kwa masiku onse ndi uthenga wa SMS zimatheka ngakhale pa netiweki yofooka ya 2G. Kuimba kwa pa intaneti kumafuna netiweki yamphamvupo, ya 3G kapena 4G. Aliyense wa kumudzi akudziwa malo amene foni imalira bwinobwino koma WhatsApp imangozungulira.

Chachinayi ndi chimene ambiri amaiwala: munthu winayo. Wa kabaza amene mukumufuna pakati pa usiku mwina ali ndi foni ya mabatani. Mlangizi wa zaumoyo mwina watseka intaneti pogona kuti asunge batire. Inu mutha kukhala ndi zonse, koma ngati iye sali pa intaneti, foni yake silira n'komwe.

Manambala aulere sadutsa pa WhatsApp

Pali chinanso chimene makolo ayenera kudziwa. WhatsApp sikuthandizani kuimba manambala a ngozi, ndipo eni ake amanena zimenezi poyera m'malamulo awo. Manambala aafupi aulere, monga 116 yokanenera nkhanza kwa ana, amafuna SIM ndi kuimba kwa masiku onse. N'chimodzimodzinso ndi Chipatala Cha Pa Foni, ntchito yopereka malangizo a zaumoyo imene inayambira ku Balaka mu 2011, inadziwika ndi nambala ya 54747 ndipo kenaka inapita m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Foni ya pakhomo yopanda SIM, yongodalira router, singafike kumeneko.

Ngakhale lamya za intaneti zokhala ndi nambala yeniyeni zili ndi vuto lake. Lamya ya mawaya inkadziwikiratu kuti ili nyumba iti, kotero kuti m'maiko ngati Britain ndi America woimba akalephera kulankhula, a ambulansi ankadziwabe kopita. Nambala ya pa intaneti imatha kusamuka ndi kabokosi kake. Ku America, bungwe la FCC linachita kulamula mu 2005 kuti makampani otere azilumikiza anthu ku 911 ndi kusunga adiresi ya wogula aliyense. Munthu akasamuka osauza kampani, thandizo litha kupita ku nyumba yakale.

Kumbukiraninso kuti ntchito ya pa intaneti ndi ya mwini wake. Skype, imene inayamba mu 2003 ndipo anthu ambiri ankaidalira poimbira kunja, kampani ya Microsoft inaitseka mu Meyi 2025.

Chifukwa chake iyi ndi nkhani ya zaumoyo

Mwina mukudabwa kuti nkhani ya mafoni ikufuna chiyani pa tsamba lino. Mu 1994, akatswiri awiri, Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine, anafotokoza kuti amayi ambiri amamwalira pa uchembere chifukwa cha kuchedwa kwa mitundu 3: kuchedwa kupanga chiganizo chopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kulandira thandizo atafika. Foni imakhudza konseku. Ndi foni mumafunsa mlangizi ngati chizindikiro chili choopsa. Ndi foni mumaitana galimoto, njinga yamoto kapena ambulansi. Ndi foni chipatala chaching'ono chimadziwitsa chachikulu kuti kukubwera wodwala.

Matenda ena sadikira kuti magetsi ayake. Mayi amene akutaya magazi ambiri atangobereka atha kumwalira pasanathe maola awiri ngati sanathandizidwe. Malungo akapanda kuchizidwa m'maola 24 atha kufika poopsa, makamaka kwa ana osakwana zaka 5. Mwana amene akukomoka, akusanza chilichonse, akulephera kuyamwa kapena kumwa, kapena wafooka kwambiri moti sakudzuka, ayenera kufika kuchipatala msanga. Mayi woyembekezera amene akutaya magazi, akumva mutu kwambiri, akuona zachizimezime kapena wakomoka, chimodzimodzi. Pa nthawi ngati zimenezi, mphindi 30 zothera posaka netiweki kapena pogogoda m'makomo kupempha foni ndi zambiri.

Ena anena kuti

Wina anganene kuti nsanja za netiweki nazo zimafuna magetsi, ndiye palibe kusiyana. N'zoona kuti nsanja zimagwa. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atakantha chigawo cha kummwera, madera ena anakhala opanda magetsi ndi netiweki yomwe. Koma masiku ngati amenewo ndi owerengeka. Tsiku wamba limene magetsi azima m'dera lanu, nsanja zambiri zimapitiriza kugwira ntchito ndi mabatire, sola kapena majenereta, pamene router ya m'nyumba mwanu yazima kale. Kuimba kwa masiku onse kumachotsa mfundo zingapo pa unyolo uja: sikufuna router, sikufuna bandulo, ndipo winayo safunika kukhala pa intaneti.

Wina anganene kuti ndalama sizikwana zogulira bandulo ndi mayunitsi omwe. Vutoli ndi lenileni, ndipo sindikulipeputsa. Koma mayunitsi a ngozi si ogula tsiku lililonse. Ndi okwana mphindi 5 kapena 10, ongosunga osakhudza. Kulandira foni n'kwaulere. Uthenga wopempha kuti munthu akuimbireni ndi waulerenso. Chachikulu n'chakuti SIM ikhale yamoyo ndipo foni ikhale ndi moto.

Winanso anganene kuti ali ndi sola kapena inveta, magetsi kwawo sazima. Zili bwino, mwatseka mpata umodzi. Yatsala itatu.

Zoyenera kuchita pakhomo

Khalani ndi foni imodzi ya mabatani imene sichoka pakhomo. Batire lake limatha masiku angapo, ndipo ana salimbana nayo chifukwa ilibe mavidiyo. Ikhale pamalo amodzi odziwika kwa aliyense, poti mutha kuipeza mumdima. Ngati n'kotheka, muikemo SIM ya kampani yosiyana ndi imene imakupatsani intaneti, kuti netiweki imodzi ikagwa ina ikhalepo. Muziimbira kamodzi pa mwezi, chifukwa SIM yokhalitsa osagwira ntchito imatsekedwa.

Lembani manambala papepala n'kumata pakhoma: la mlangizi wa zaumoyo, la chipatala chapafupi, la anthu awiri amene ali ndi galimoto kapena njinga yamoto, la mnansi wodalirika, ndi manambala aulere amene amagwira pa netiweki yanu. Manambala osungidwa m'foni yokha amasowa foniyo ikazima. Phunzitsani mwana wamkulu, wantchito ndi agogo kuimba ndi foniyo, komanso kufotokoza njira yofikira pakhomo panu: mudzi, tchalitchi kapena mjigo wapafupi, mtundu wa geti.

Ngati muli ndi router, ganizirani zogula kabatire kake koti iziyakabe magetsi akachoka, ndipo muyese kuti kamatha maola angati. Mayi akafika mwezi wa 8, banja ligwirizane kale ndi wa galimoto, limuuze kuti foni yake azigona nayo yoyatsa, ndipo ngati kuchipatala n'kutali, mayiyo apite kuchidikiro nthawi ikadalipo.

Kwa inu mavolontiya

Inu ndi amene mumalowa m'makomo. Mukamafunsa za neti ya udzudzu, za chimbudzi ndi za khadi la kusikelo, onjezani funso limodzi: "Mwana atadwala usiku uno magetsi atazima, muimba ndi chiyani, ndipo muimbira yani?" Akakuonetsani foni yamakono, funsaninso ngati muli mayunitsi. Pakhomo pamene palibe foni n'komwe, gwirizanani kuti adzagogoda kwa yani.

Nanunso musadalire gulu la WhatsApp pa nkhani ya moyo ndi imfa. Uthenga wolembedwa pagulu 2 koloko usiku utha kuwerengedwa m'mawa. Wodwala akakhala pa ngozi, imbani mwa masiku onse mpaka wina ayankhe, kulemba kubwere pambuyo. Ndipo ngati foni yanu ya ntchito ndi yomweyonso ya banja lonse, samalani ndi zithunzi ndi maina a odwala. Uthenga utha kuyenda motetezeka panjira, koma ukafika m'foni yogwira aliyense, chinsinsi cha wodwala chatha.

Kwa inu okhala kunja, amene mumatumizira makolo mafoni amakono: zikomo, koma pa ndalama ya bandulo onjezani ya kafoni ka mabatani ndi mayunitsi ake. Ngati muli ku Britain ndipo m'nyumba mwanu muli wokalamba kapena wodwala wodalira lamya kapena kachipangizo ka batani kaja, uzani kampani yanu isanakusamutseni, mufunse za batire, ndipo mukasamuka nyumba musinthitse adiresi.

Makampani a mafoni ndi bungwe la MACRA nawo ali ndi mbali yawo. Wogulitsa router kapena bandulo ya WhatsApp azinena momveka, m'Chichewa ndi m'zilankhulo zina za kuno, kuti njirayi siimba manambala a ngozi ndipo imadalira magetsi. Manambala aulere a zaumoyo azigwira pa netiweki iliyonse ndipo azilengezedwa kawirikawiri pa wailesi. Koma zimenezi zitenga nthawi, pamene mwana wanu atha kudwala sabata ino.

Ndiye madzulo ano, ana asanagone, chitani kayesedwe kakang'ono. Zimitsani router, tsekani intaneti pa mafoni onse a m'nyumba, kenaka pemphani mwana wanu wamkulu kuti aimbire mnansi. Foni ya mnansiyo ikalira, gonani mwamtendere. Ikapanda kulira, mwadziwira tsiku labwino, aliyense ali bwinobwino, ndipo mawa m'mawa mukudziwa choyamba kugula.